Mkulu Amene Ankamvetsera Msewu

Ena amamvetsera wailesi, ena amamvetsera miseche. Malemu a Khutupansi ankamvetsera msewu. Inde, msewu weniweniwu, wa phula. Munkawapeza pakati pa tauni atagona chafufumimba, jekete atalipinda bwino pambali, khutu atalimata pansi. Alendo ankayesa akomoka. Ayi ndithu, anali pa ntchito.

Anakonza mapaipi a madzi zaka makumi atatu, ndipo atapuma ntchito, khutu linakana kupuma nawo. Ankayenda ndi chitsulo chachitali, nsonga pansi, mbali inayo kukhutu, maso atatsinzina ngati akupemphera.

"Madala, msewu ukuti chiyani lero?" madalaivala a minibasi ankakuwa.

"Ukuti ukasambe. Ndakumvera patali, koma osati ndi khutu."

Tsiku lina anaimitsa mdipiti wonse wa galimoto za ukwati. "Chete! Paipi ikutsokomola." Mkwatibwi anadikira mpaka paipi itamaliza kutsokomola.

Amene ankaonda nazo zonsezi anali mkamwini wawo, dalaivala wa katapila, munthu wofatsa woti ntchentche ankayamba waipepesa asanaiingitse. Khonsolo italamula kuti misewu ya pakati pa tauni ikulitsidwe ndipo ngalande zikumbidwe zatsopano, iye anapeza ntchito atakhala pakhomo chaka chathunthu. Apo n'kuti mkazi wake ali woyembekezera. Pemphero lake linali limodzi lokha: apongozi asadziwe msewu umene akukumba.

Anadziwa. Lachitatu masana, mkamwini atakweza chimkono cha katapila kutsogolo kwa sitolo ya nsapato, anaona jekete litapindidwa bwino pambali. Anasuzumira. Pansi penipeni pa mano a katapila, apongozi ali gonee!

"Ababa, chonde dzukani."

"Zimitsa chinthucho, chikundisokosa."

Anazimitsa. Kapitawo anabwera akuthamanga, chisoti chikugwedera pamutu, mapu ali m'manja.

"Wazimitsiranji? Ndani ameneyu?"

"Ndi... ndi apongozi anga, bwana."

"Kaya ndi apongozi a ndani! Achoke, ukumbe!"

"Pano pali paipi yaikulu ngati mgolo," a Khutupansi anatero osadzutsa mutu. "Ndinaikwirira ndekha iwe usanamere mano."

"Pamapu palibe paipi!"

"Amene anajambula mapuwo sanagwirepo fosholo. Tinaikhotetsa pothawa thanthwe. Ya mu ofesi ndi yowongoka, ya pansi ndi yokhota."

Anthu anali ataunjikana kale. Kapitawo anakodola amuna awiri, ndipo anawanyamula mkuluyo ngati thumba la simenti, miyendo ikupalasa m'malere, n'kukawakhazika pakhonde la sitolo. Kenako analoza mkamwini.

"Ndiwerenga katatu. Ukapanda kukumba, undipatse kiyi, mawa usabwere."

Mkamwini anayang'ana pansi pa mano a katapila. Akakumba paipi n'kuphulika, tauni yonse ikhala pouma, ndipo wolakwa sakhala mapu, akhala iyeyo. Akakana, akamuuza chiyani mkazi wake? Komanso si apongozi omwewa amene mwezi watha anakumbitsa aneba bwalo lonse kufunafuna paipi yodontha, n'kukapezeka kuti ndi chule?

"Kamodzi!"

Mkamwini anacheukira pakhonde.

"Kawiri!"

Pakhonde paja a Khutupansi anangomuyang'ana, n'kugwira khutu lawo ndi chala.

Mkamwini anatsika, kiyi anaponya m'thumba, n'kutola piki ndi fosholo.

"Ndikumba, bwana, koma ndi manja. Mundipatse ola limodzi. Pakapanda kanthu, kiyi ndikupatsani ndekha."

Anakumba. Kufika m'mawondo, dothi lokhalokha. Kufika m'chiuno, dothi. Zikhatho zinachita matuza, matuza anaphulika. Wina m'gulu muja, amene anaimva nkhani ya aneba ija, anayamba kulira ngati chule, anthu n'kugwa nako kuseka. Kapitawo ankangoyang'ana wotchi, dzanja atalitambasula kale kudikira kiyi. Mkamwini sanayerekeze n'komwe kucheukira pakhonde. Kutatsala mphindi zitatu, piki inati ngwee!

Chule anasiya kulira. Mkamwini anagwada, anapalasa ndi zala. Chimsana chakuda cha chitsulo, chozizira, chikunjenjemera ndi madzi, pomwe paja mano a katapila akanalowa.

Kapitawo anavula chisoti. Anayang'ana mapu, n'kuwapinda pang'onopang'ono.

"Madala... nanga kutsogoloku yadutsa pati?"

"Madala ake ati? Amene munawanyamula ngati simenti aja? Kanditengere jekete langa. Ulikunthe kaye fumbi."

Analikuntha, anthu onse akuona. Kuyambira tsiku limenelo katapila ankayenda pambuyo pa nkhalamba ndi chitsulo chake ngati mwana wasukulu.

Koma a Khutupansi msewuwo sanauone utatha. Anatisiya mdzukulu wawo ali ndi miyezi iwiri, atamumata kale khutu pamimba n'kulengeza kuti mapaipi ake ali bwinobwino.

Lero msewu uja ndi wosalala, nyale zatsopano mbali zonse, ngalande zoyera. Komabe a minibasi akafika pa sitolo ya nsapato amachepetsa liwiro, ngakhale palibe wogonapo, ndipo palibenso wowauza kuti akasambe. Chitsulo chija chimakhala mu katapila. Asanakumbe paliponse, mkamwini amatsika, nsonga pansi, mbali inayo kukhutu, maso atatsinzina. Anzake akamufunsa kuti msewu ukuti chiyani, amanena zoona: iye samva kalikonse. Koma sanaukumbepo asanaufunse.