A Mivi ndi Mabokosi Awo

Mu ofesi mwathu munali bambo wina amene sankatha kulankhula popanda cholembera m'manja. Ukawafunsa kuti chimbudzi chili kuti, ankakujambulira mapu. Dzina lawo lenileni tinaliiwala kalekale. Tonse tinkangoti a Mivi, chifukwa pepala lililonse limene aligwira linkadzaza timabokosi ndi mivi yoloza uku ndi uku.

Ntchito yathu ndi yopanga mapulogalamu a pakompyuta. Kasitomala akanena zimene akufuna, timazilemba m'chikalata chachikulu, m'chilankhulo cha masamu chodzaza zizindikiro, kuti pasakhale kumva pawiri. Koma mwini wakeyo sachimva chikalatacho. Amangosaina, ndiye pakatha miyezi isanu amabwera atalusa kuti si zimene ananena.

Tsiku lina kunabwera amayi oyang'anira kachipatala kena, ofuna pulogalamu yoika odwala pamzere. Abwana athu anawapatsa masamba makumi anayi. Amayiwo anawerenga tsamba loyamba, n'kuvula magalasi.

"Achimwene, izi ndi za odwala anga kapena za nyenyezi?"

A Mivi anadzuka n'kupita pabolodi. Anajambula bokosi. "Wodwala uyu, wafika pakhomo." Muvi. "Apa walembetsa dzina." Muvi wina. "Apa akudikira dokotala." Bolodi litadzaza anapitiriza pakhoma, kenako pachitseko, ife tikungowachotsera mipando m'njira.

"Taimani kaye," anatero amayi aja. "Nanga wobwera atakomoka alembetsa bwanji?"

Anthu asanu tinakonza chikalata chija, koma munalibemo munthu wokomoka. Pulogalamu yathu ikanamusiya pabenchi mpaka atatsitsimuka yekha n'kunena dzina.

"Mwaona," anatero a Mivi, "pakhomapa pakusowa muvi umodzi. M'chikalata simukanauona, chifukwa chimene chasowa sichilembedwa."

M'mawa mwake amayi osesa anafika ndi ndowa ndi chiguduli, nkhope ili gwa.

"Abambo, khoma ili lapentedwa mwezi watha."

"Musafufute, mayi. Mupha odwala," anatero a Mivi.

Khomalo linakhala choncho mpaka ntchito inatha.

Abwana anayesa kuwaikira pulogalamu yojambulira pakompyuta kuti makoma apume. A Mivi anaigwiritsa ntchito tsiku limodzi basi. "Chithunzi chikakongola anthu amaopa kuchitsutsa," anatero. "Changa chokhotakhotachi aliyense amalimba mtima n'kunena kuti apa mwanama."

Akazi awo a Mivi anatiuza kuti ngakhale powafunsira, bambowa anabwera ndi pepala. Pamwamba panali funso, pansi mabokosi awiri, lina "Inde", lina "Ayi".

"Ndinatsatira muvi wochokera pa Ayi," anatero mayiwo, "ndinapeza wazungulira pepala lonse n'kubwereranso pafunso lomwe lija. Ndinangoona kuti pano sinditulukapo."

Kenako a Mivi anadwala miyezi iwiri. Titapita kukawaona kunyumba tinapeza dzanja lafooka, cholembera sichikugwirika. Anafunsa za ntchito imene tinali nayo, ya malo ena osungirako magazi. Ndinayamba kufotokoza, iwo atatsinzina, chala chikuyenda m'malere, bokosi, muvi, bokosi. Mwadzidzidzi chalacho chinaima.

"Apa," ananong'ona. "Magetsi akazima pamenepa, chichitike n'chiyani?"

Tinabwerera ku ofesi n'kukafufuza tsamba ndi tsamba. Palibe amene anali ataganizapo. Sabata yotsatira a Mivi anatisiya.

Masiku ano misonkhano imatha msanga, ndipo timatuluka malaya ali oyera, opanda inki. Kujambula timajambulabe, koma palibe amene amaseka. Dzulo mnzathu wina anasokonezeka pofotokozera kasitomala. Tonse, mosapangana, tinatembenukira kumpando wa pafupi ndi windo, umene ankakhalapo a Mivi. Tsopano pamakhala mayi wina amene wayamba ntchito posachedwa, ndipo a Mivi sanawaonepo. Anadzidzimuka ataona maso onsewo.

"Ndalakwitsa china chake?"

"Ayi, achemwali," anatero abwana. "Pitirizani ntchito."