Kuweta Anankafumbwe ku Kanakantapa

Lolemba

Mabotolo anga anayi afika kunyumba ali amoyo! Ndawasenza m'beseni kuchokera kusukulu, maminibasi akundithira fumbi njira yonse. M'labu atithamangitsamo, ati a Giledi 12 akulemberamo mayeso oyeserera, aliyense achotse katundu wake.

Loweruka kusukulu kwathu kuli chionetsero cha sayansi, masukulu oyandikana nafe abweranso. Wopambana apita ku Lusaka, ndipo dzina lake aliitana pamaso pa makolo onse. Langa amaliitana kawirikawiri ndithu, koma pakati pa ochedwa. Ndikufuna kamodzi kokha limveke pa chinthu chabwino, atate ali pomwepo.

Funso langa: n'chiyani chingateteze chimanga kwa anankafumbwe popanda mankhwala ogula? Chiyambireni temu ndikuweta tizilomboti m'mabotolo a chimanga, pakamwa ndamangapo kansalu kuti tizipuma.

Botolo loyamba: phulusa.
Lachiwiri: masamba a nimu osinja.
Lachitatu: tsabola wouma.
Lachinayi: ndilibe chomwe ndaikamo.

Lachinayili aphunzitsi athu a sayansi, a Daka, amalitcha kontrolo. Ati popanda ilo palibe choyerekezera, ena atatuwo ndi mabotolo chabe. Ndipo likukongola bwanji! Chimanga chabookabooka, pansi pali ufa wokhawokha, ukaika khutu ukumva kukukuta. M'phulusa mwatsala ochepa, nawonso oyenda ngati odwala malungo. Phulusa likupambana, maso a aliyense aona.

Amayi ayang'ana n'kugwira pakamwa: "Izi ndiye zamene muphunzila? Anzako aweta nkhuku, iwe uweta anankafumbwe?"

Atate ayang'ana botolo lachinayi nthawi yaitali. Kenako abwerera kukatonola chimanga.

Lachiwiri

Mayo ine!

Ndikufika kuchokera kusukulu, botolo lachinayi lili pathandala, lotsukidwa, likuwala. Chimanga chake chili pa lichero padzuwa. Amayi achipeta, asankha njere zonse zobooka n'kupatsa nkhuku, ufa uja wapita ndi mphepo. Anankafumbwe athawa dzuwa, aliyense njira yake.

"Nakukonzela," atero amayi akumwetulira. "Unafuna upeleke zonyansa zija pa maso pa anthu? Azakamba kuti kwanu kulibe amai."

Ndikufotokoza za kontrolo. Ndikufotokozanso pang'onopang'ono. Amayi akugwedeza mutu ngati amva, kenako: "Manje ngati ulibe munkhwala, si ndiye ufunika kusamalila maningi?"

Madzulo onse ndili chogwada pabwalo, ndikutola anankafumbwe ndi kamtengo. Nkhuku nazo zikutola. Zili ndi luso kundiposa, ndipo sizigwada. Ndapulumutsa ochepa osadzaza ndi kapu ya botolo yomwe, mmodzi wathyoka mwendo.

Ndabwezeramo chimanga choyera chija, ndamata pepala: OSAGWIRA. Sindinalire. Chabwino, ndalira pang'ono kuseri kwa bafa.

Lachitatu

A Daka amva nkhani yonse atagwira m'chiuno. Ati ndipeze anankafumbwe ena msanga, mwina pofika Loweruka aboola zooneka, ndipo ndilembe zonse zomwe zachitika osabisa.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndayamba kuyenda khomo ndi khomo.

Zomwe ndaphunzira lero, zomwe m'buku la sayansi mulibe: kufunsa mayi wa pakhomo ngati ali ndi anankafumbwe n'chimodzimodzi kumufunsa ngati ana ake ali ndi nsabwe.

Khomo loyamba: "Uniyesa waulesi ine?"
Lachiwiri: "Nindani wakutuma? Ni amai ako?"
Lachitatu andiitanira galu.

Ndasintha kafunsidwe. Kwa amake Mutinta, oyandikana nafe, ndanena mwaulemu kuti ndikupempha chimanga chakale, ngakhale chofumbwa, ngakhale chapansi pa thumba. Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maso awo alengeza misozi. Alowa m'nyumba, atuluka ndi ndowa yodzaza chimanga chatsopano, choyera mbee, chopanda ndi kachibowo komwe.

"Tenga mwananga, osachita manyazi. Uuze amai ako kuti sinizauzako munthu."

Ndayesa kukana. Andisenzetsa okha.

Anankafumbwe ndawapeza kuchigayo. Bambo woyendetsa chigayo wandilola kusesa kuseri kwa matumba, akuseka mpaka kutsokomola. Ndabwera nawo ambiri, onenepa, a njala zawo. Ndawathira m'botolo lachinayi n'kuwalankhula ngati aphunzitsi: nthawi yatha, idyani!

Lachinayi

Amake Mutinta sanauze munthu. Auza mphakati wonse wa kutchalitchi.

Zomwe ndapeza pakhonde pochokera kusukulu:
maungu awiri,
mbatata m'kathumba,
nyemba,
kabichi wamkulu kuposa mutu wanga,
ndi amayi atatu ovala zitenje za tchalitchi, akuimba nyimbo yotonthoza.

Ati amva kuti kwathu njala yalowa mpaka ana akupempha chimanga chofumbwa. Izi zikuchitika matumba athu atsopano ali mulu kuseri kwawoko! Amayi anga akulozera matumbawo, alendo akuti, "Tiziba, amake mwana, tonse timabisa." Walira mvula walira matope.

Atate manyazi awagwira kwambiri. Chaka chino akolola bwino koyamba chichokereni chilala chomwe chinatigonetsa ndi njala chija, ndipo amafuna anthu adziwe. Lero anthu akuwabweretsera maungu. Ndikuwamvera chisoni, zoona, koma ndikaona kabichi uja kuseka kukundivuta kubweza.

Alendo atapita, amayi agamula mlandu: mabotolo atuluke m'nyumba, asayandikire matumba. Ndawasanja pathandala kuseri kwa khitchini.

Madzulo atate akuthira mankhwala aufa m'chimanga chatsopano, atamanga kansalu pamphuno. Thumba ndi thumba, mosamala ngati akusambitsa khanda. Aima pafupi ndi thandala.

"Aba a mu botolo, sangachoke?"

Ndati sangatuluke.

"Na chimanga ichi azachisiliza chonse?"

Ndati eya, ndiye cholinga chake. Apukusa mutu n'kubwerera ku matumba awo.

Anankafumbwe akuchigayo ayamba ntchito. Ndaona mabowo atsopano! Mtima wakhalako m'malo.

Lachisanu

Afa.

Onse. M'botolo lachinayi muli mitembo yokhayokha, miyendo m'mwamba. Ndagwedeza, ndapemerera, ndaika padzuwa, ndaitana ndi mayina a oyera mtima. Zii. Ndanunkhiza kansalu: fungo la mankhwala a kusitolo ya mbewu.

Amayi: "Sininagwileko ine, unalemba kuti osagwila."
Atate apita kudimba m'mamawa, chinthu chomwe sachita nthawi yokolola.

Zotsatira za kafukufuku wanga lero lino:
m'phulusa: amoyo ochepa, mabowo ochepa;
mu nimu: ochulukirapo;
mu tsabola: akusangalala, mwina amakonda ndiwo zowawa;
mopanda chilichonse: wamoyo palibe, chimanga chokongola kuposa onse.

Ndiye kuti sayansi yanga ikunena kuti njira yabwino yosungira chimanga ndi kungochisiya!

Ndaganiza zosinthanitsa mapepala a pamabotolo. Sizingatheke, phulusa limaoneka. Ndaganiza zodwala mutu mawa. Ndawauza a Daka kusukulu, akana zonse ziwiri ndisanamalize n'komwe. "Uzaimilila pa tebulo yako, uzakamba vamene vinachitika. Sayansi siyamanyazi." Iwo akutero poti wodzaima patebulopo si iwo.

Ndasita yunifolomu. Kaya ndikusitiranji.

Loweruka

Holo yadzaza. Anyamata a ku Silverest abwera ndi bini yotsekuka yokha munthu akayandikira. Anthu akuponyamo mapepala dala kuti aione ikuyasamula. Atsikana a ku Kasisi apanga sopo. Ine ndili pakona ndi mabotolo atatu ndi manda amodzi.

Atate abwera pa njinga, avala jekete la kutchalitchi. Aima kumbuyo pafupi ndi chitseko, chipewa chili m'manja.

Oweruza afika patebulo langa, amayi ena a magalasi ndi abambo awiri. Ndafotokoza bwino ndithu mpaka botolo lachitatu. Amayi a magalasi anyamula lachinayi, aliunika kuwindo.

"So mwana, uti tikafuna kusunga chimanga tisaikemo kalikonse?"

Ndayamba kunena za lichero, za nkhuku, za kuchigayo. Nditafika pa anankafumbwe akufawo mawu andithera, chifukwa wowapha ndikumudziwa koma sindingamutchule. Kenako ndikumva kumbuyo:

"Ni ine, ba madamu. Ni ine ninaikamo munkhwala."

Atate, atakweza dzanja ngati mwana wa Giledi 1! Holo yonse yatembenuka. Akubwera kutsogolo akupinda chipewa.

"Mwana analibe mulandu. Mulota, phulusa ija, unagwila nchito, ninaona na maso yanga pa Mande. Koma botolo iyi... nenze kumvela akukukuta. Ninaikamo chabe pang'ono."

Anthu aseka mpaka bini ya ku Silverest yatsekuka yokha. Oweruza nawo aseka, koma mokoma mtima. Amayi a magalasi ati funso langa ndi labwino, ndibwereze chaka chamawa, koma popanda kontrolo sangandipatse malikisi. Ndimadziwa kale.

Ku Lusaka kukupita bini. Dzina langa silinaitanidwe. La atate ndiye aliyense walidziwa.

Pobwerera atate andikweza pa keriyala ya njinga, beseni lili pamiyendo panga. Ndakwiya nawo, ndipo ndikukwiya kwambiri poti ndikulephera kukwiya nawo bwinobwino.

Lamulungu

Ku Misa amake Mutinta andifinya dzanja n'kufunsa ngati maungu atikwanira. Ndati atikwanira. Ndatopa kufotokoza.

Masana tadya kabichi wa chifundo uja. Mawa kabichi. Mwina mpaka temu kutha.

Titadya atate andiitana kuseri kwa khitchini. Botolo lachinayi alitsuka okha ndi sopo, aliyanika. Akhala pa mpando wawo, akuyang'ana pansi.

"Chaka cha chilala chija, amai ako anali kusefa chimanga chofumbwa kuti mudye. Wenze kuona?"

Ndimaona. Ndimakumbuka nsima yonunkha ija, ndi atate akunena kuti adya kale kudimba pamene kudimba kunalibe kanthu. Sindinaganizepo sabata yonseyi kuti ndawaikira chimanga pamaso kuti chiziwonongeka dala, iwo akumva kukukuta. Manyazi andigwira ine tsopano.

Kenako atulutsa kabokosi ka machesi m'thumba la jekete. Mkati muli anankafumbwe, amoyo, akuyendayenda. Ati adzera kuchigayo pochokera ku Misa, ndipo bambo wa chigayo wafunsa ngati banja lonse layamba bizinesi.

Amasula thumba limodzi lomwe sanathire mankhwala, lomwe amasungira kukagayitsa sabata ino. Atapa chimanga chawo chatsopano ndi manja awiri, athira m'botolo. Atsekula kabokosi. Dzanja laima m'mwamba kanthawi, ndimayesa asintha maganizo. Akhuthula.

Amayi ali pakhomo la khitchini: "Nyumba ino yafuntha. Manje muli awili."

Atate amanga kansalu ndi waya, mfundo zitatu. "Wamene azagwila botolo iyi azaonana na ine. Adye. Koma uzaniuza akasiliza, ine sinifuna kuona."

Chionetsero china ndi chaka chamawa. Anankafumbwe awa adzakhala atafa kalekale, ndidzayambanso ndi zidzukulu zawo. Satifiketi palibe, Lusaka palibe, mawa dzina langa aliitana pakati pa ochedwa monga mwa masiku onse, poti yunifolomu sinaume.

Ndikulemba izi nditakhala pafupi ndi thandala. M'botolo ayamba kukukuta. Atate atembenuza mpando wawo kuti alifulatire, ndipo akweza wailesi.