Mmene ndinamwera tintchentche ta adokotala

Mpaka lero ndikamva fungo la sipiliti kuchipatala, ndimathawira panja. Zinayambira ku Makhanga, zaka zomaliza za chipani chimodzi, nthawi imene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani.

Ndinalembedwa ntchito ndi mayi wina wofufuza matenda, amene tinkangoti adokotala. Ankasaka tintchentche ting'onoting'ono kuposa udzudzu, tobisala m'ziulu ndi m'mphako za mitengo. Ankati tina tikaluma timapatsa zilonda zosapola ndi kutupa kapamba, tina ayi, koma pamaso ngofanana ngati mapasa. Kuti asiyanitse mitundu, ankatitumiza kunja kuti akatipere n'kuyeza chibadwa chake, chimene ankati DNA. Ine yanga inali kuyamwa tintchentcheto ndi kapaipi ka labala n'kutithira m'timabotolo ta sipiliti kuti tisawole. (Amayi kumudzi ndinkawauza kuti ndimagwira ku labotale.)

Madzi atadula msewu, adokotala anatsala ku Chikwawa, n'kundituma ndekha. "Ta ku Makhanga tilibe n'kamodzi komwe," anatero. "Utisamale kuposa moyo wako."

Ndinapirira dzuwa, ndinakwawa paziulu, mpaka kabotolo kamodzi kanachita bii. Tina tinali titakhuta magazi, moti sipiliti anafiira.

Tsoka linandipeza padoko, tikudikira bwato. Pofuna kutulutsa ndudu, kapaipi kanagwa pansi kuchoka m'chikwama, kabotolo n'kugubuduka mpaka pamapazi a mayi wogulitsa mbatata. Anakayang'ana, n'kukuwa m'Chisena: "Chiropa! Magazi awa!"

Masiku amenewo mphekesera za anamapopa, anthu opopa anzawo magazi, zinali ponseponse. Posakhalitsa ndinali pakati pa khamu, ena atanyamula nkhafi. Panatulukira anyamata a malaya ofiira oyang'ana makadi aja. Ndinaonetsa khadi langa, koma wamkulu wawo sanaliyang'ane n'komwe.

"Achimwene, paipi iyi njaninji?"

"Njoyamwira," ndinayankha. (Pakamwa panga sipanandithandizepo chibadwire.)

Khamu linabuula. Ndinayesa kukonza: "Timangotumiza kunja, azungu akayeze zam'kati."

Apa ndiye ndinathira mafuta pamoto. Mkulu wina anavula malaya. Ndinachita mantha, ndipo ndinaona kuti mtembo wanga ukapezeka ku Chiromo ukuyandama. Wa malaya ofiira anatsegula kabotolo n'kununkhiza, ine n'kupezerapo pothawira.

"Ndi kachasu chabe, bwana. Wamankhwala. Wa msana."

"Tinthu takudati?"

"Mizu yosinja."

"Chabwino," anatero, akundipatsa. "Imwani tione."

Ndinakumbukira mawu a adokotala aja, kenako ndinayang'ana nkhafi. Abale anga, ndinapeza kuti moyo wanga ndimaukonda kwambiri. Ndinatsinzina n'kugugudiza. Pakhosi panayaka, misozi chuchuchu, timiyendo tikundikanda kum'mero. Ndinayesetsa kumwetulira.

"Nkhabe, ayi, uyu ndi chidakwa basi," anatero mayi wa mbatata uja, ngati wakhumudwa. Mkulu wovula malaya anandinong'oneza kuti nayenso msana umamuvuta, ndimuuzeko dzina la mtengowo.

M'bwato ndinagona chagada, mutu ukuzungulira, ndikudzipapasa kumimba kuti ndimve ngati kapamba wayamba kale kutupa.

Ku Chikwawa ndinafotokoza zonse nditazolika, ndikudikira kuchotsedwa ntchito. Koma adokotala sanakalipe. Anandiuza kuti matendawo salowera m'mimba, mtima wanga n'kukhalako pansi. Kenako anandipatsa kapaipi katsopano ndi timabotolo tiwiri.

"Bwato likadalipo," anatero. "Ubwerere ku Makhanga. Kabotolo kamodzi n'ka ine. Kabotolo kenako, poti msana umakuvuta, n'kako."

Ndinabwereradi, ndipo tintchentche tinapita kunja. Koma padoko paja, mpaka ntchito inatha, palibe ankandiitana dzina langa. Ndikangotsika m'bwato, amuna ogwira m'chiuno ankandizungulira: "Asing'anga, mwabwera nawo?"