Kapitawo wa a Pasikale

Nkhani iyi akazi anga safuna kuti ndiziinena pagulu, chifukwa mpaka lero amati ndinawataitsa nthawi ndi pakamwa pangapa. Sakunama ayi. Palibe anandilodza, ndinadziputira ndekha masana dzuwa likuswa mtengo.

Nthawi imeneyo ndinali mkamwini kwawo kwa a Aginesi, cha ku Lobi. Zaka zinayi ndinali nditalima munda wa apongozi, kuwamangira nkhokwe, kuwafolerera nyumba. Koma ntchito yanga yeniyeni ndi utelala, ndipo mwini golosale wina ku Linthipe anali atandilonjeza malo pakhonde pake oti ndiikepo makina. Anati adikira mpaka anthu akolole, kupitirira apo apatsa wina. Chotsala chinali chimodzi basi: a Pasikale, amalume awo a Aginesi, eni mbumba, avomere chitengwa kuti ndichoke ndi mkazi wanga. Ankhoswe anali atapitako kawiri, yankho lake nkumangoti tiona. Ine mtima sunali m'malo. Ndikakhala pansi miyendo imayabwa, ndikamva galimoto ikulira kuseri kwa phiri ndimaimika khasu nkumamvetsera mpaka izimirire.

Kuti ndisapenge ndinayambitsa masewera. Bolodi yathu ya ludo inali itadyedwa ndi chiswe, kunangotsala dayisi. Ndiye Lamulungu masana tikabwera kutchalitchi timakhala pakhonde, ine nkumapeka nkhani ya ulendo, aliyense nkukhala munthu wa m'nkhanimo. Ukafuna kuchita chinthu chovuta umaponya dayisi. Ikagwa zinayi kupita m'mwamba zatheka, ikachepa waona malodza. Mlamu wanga Yosefe anali mlenje wa uta wothokathoka, a Lukasi oyandikana nawo nyumba anali wogulitsa fodya wamantha. Kukoma kwake kunali koti anthuwa amavutika. Yosefe anathyokapo mwendo kawiri (m'nkhanimo, osati pakhondepo).

Tsiku lina a Pasikale anapatukira pakhondepo kudzabisala mvula. Anaonerera pang'ono, kenako anati nawonso alowa. Ine mumtima ndinati mwayi sunganenepe kuposa apa, ndiwasangalatse akuluwa. Nditawafunsa kuti munthu wawo akhala ndani, anati Kapitawo, wochokera kumigodi ku Joni ngati iwo omwe, wamtali kuposa nkhokwe, wotemera mphini thupi lonse moti mkondo sulowa. Ndinayenera kukana pomwepo. Koma mkamwini amakana bwanji? Ndinaomba m'manja nkunena kuti ndi munthu wabwino ameneyo.

Vuto lina linali la dayisi. Ife timaponya pamphasa, aliyense akuona. Iwo amaponyera m'chipewa chawo, nkusuzumiramo okha, nkulengeza kuti zisanu ndi chimodzi. Nthawi zonse! Ndiye inu ndiuzeni, mkamwini wake uti angasuzumire m'chipewa cha eni mbumba?

Ndinatumiza mkango. Kapitawo anaugwira mchira nkuuponya kuseri kwa phiri, Yosefe asanakoke ndi uta womwe. Lamulungu lotsatira ndinasefukiritsa mtsinje, mlatho wapita. Kapitawo anapanira anzake awiriwo m'khwapa nkuyenda pansi pa madzi, ndudu ili pakamwa osazima. Ndinamudwalitsa malungo, anamwa botolo la kachasu malungo nkuthawa. Mapeto ake ndinamuikira chinthu chimene masiku amenewo chimagonjetsa aliyense: anyamata a chipani pachipata cha msika, wopanda khadi salowa. A Pasikale sanasuzumire ndi m'chipewa momwe. Anati Kapitawo anadula kale makhadi atatu, lake, la galu wake ndi la mwana amene akazi ake anali asanabereke.

Masewera anayamba kufa. A Lukasi anayamba kubwera ndi nsungwi zawo nkumaluka lichero, ikafika nthawi yawo nkumangoti wogulitsa fodya wawo atsatira Kapitawo. Yosefe ndiye anandikokera kuseri nkundiuza kuti ngati sindimupha chimphonacho iye asiya, mlenje wanji wongoyenda ali m'khwapa mwa munthu. Zinandiwawa, chifukwa masewerawo ndi okhawo amene pamudzi ponsepo anali anga. A Aginesi anandiona ndikuzungulirazungulira pabwalo ndikulankhula ndekha, nkundichenjeza.

"Bambo, alekeni apambane. Inu mukufuna Linthipe kapena mukufuna mkango wanu?"

Ndinavomera kuti ndamva (ndinamvadi, koma ndi khutu limodzi).

Lamulungu lina, chimanga chitayamba kuuma m'minda, ankhoswe anandinong'oneza potuluka m'tchalitchi kuti afunsanso kachitatu, yankho ndi lomwe lija. Ndinafika pakhonde mutu ukutentha. Tsiku limenelo kunalibe mvula, ndiye amayi angapo anali atakhala chapafupi akusola nyemba, akazi awo a Pasikale ali pomwepo. Kapitawo anali atangogwetsa njati ndi khofi limodzi. Basi, chinandilowa chimene chinandilowa.

Ndinati Kapitawo ali pakanjira kakang'ono kopita kudimba. Kumanja chitedze, kumanzere chitedze, chakupsa bwino. Kutsogolo kukubwera mayi wasenza mtsuko.

"Ndani ameneyo?" anafunsa a Pasikale, dzanja lili kale pachipewa.

"Ndi apongozi ake a Kapitawo," ndinatero. "Apa dayisi siigwira ntchito, ndi mwambo."

Kwathu kuno mkamwini akakumana ndi apongozi ake aakazi panjira saima nkumayang'anizana nawo, amapatuka, ngakhale patchire pakhale potani. A Pasikale omwewo ndi amene anandilangiza zimenezi nditangolowa pamudzipo. Akanati Kapitawo awanyamule mayiwo m'khwapa? Akanati awadumphe? Amayi aja anali atasiya nyemba, makutu onse ali kuno. Akuluwo anatembenuza chipewa kangapo, anatsokomola, kenako ndi mawu aang'ono anati, "Apatuka."

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Akanati Kapitawo wadutsa, wayabwidwa pang'ono, ulendo upitirire. Ine ayi. Miyezi iwiri ya kuomba m'manja inatulukira pamenepo. Ndinafotokoza mmene chimphona chinagwera m'chitedzemo, mmene chinavulira malaya a kumigodi nkumagubuduka padothi chikuitana mayi ake, mphini zonse zija osathandiza kanthu. Ndinaimirira nkumaonetsa kukanda kwake. Ndinafika poti apongozi aja anatula mtsuko nkufunsa kuti mbuzi ikulira m'tchiremo ndi ya yani. Yosefe anagwa chagada ndi phwete. A Lukasi anataya lichero. Amayi aja misozi ili chuchuchu, ndipo amene amaseka kwambiri anali akazi awo a Pasikale. Nditacheuka ndinaona a Aginesi ataima pakhomo, manja ali kumutu.

A Pasikale nawonso anaseka pang'ono, anavala chipewa, nkutsanzika mwaulemu. Ndinadzinamiza kuti zatha bwino. Koma pofika Lachiwiri amayi kuchitsime anali atayamba kufunsana ngati eni mbumba agona bwino ndi kuyabwa kuja.

Lachinayi anatiitanitsa, ine ndi ankhoswe. Ndinakhala pansi chapatali, maso pansi. Analankhula mofatsa, moyamikira ndithu.

"Mkamwini wodziwa mwambo chonchi ndi wosowa masiku ano. Tikamupereka ku Linthipe, anyamata athuwa awaphunzitsa ndani kupatuka? Ayambe wakhala."

Ndinaomba m'manja nkuthokoza. Ndikanatani?

Pakhonde la ku Linthipe panakhala telala wina. A Aginesi anatha sabata yathunthu akundilankhula kudzera kwa Yosefe. Ine ndinalimanso munda uja zaka ziwiri, ndipo Lamulungu lililonse a Pasikale amabwera ndi chipewa chawo kudzasewera, poti kusiya masewera anandiletsa. Zaka ziwiri zonsezo Kapitawo sanadwalepo ngakhale chimfine.

Ndinaphunzira kuti munthu amene wagwira tsogolo lako umamusiya aponye mikango mmene angafunire. Koma ndisaname, ndikakumbukira kamawu kaja koti "apatuka" ndimayambanso kuseka ndekhandekha, ndipo a Aginesi safunsa nkomwe chimene ndikuseka. Amangonditsegulira chitseko kuti ndikasekere panja.