Msonkhano wa Mamoleke

Sindikonda kukometsa nkhani, choncho manyazi awa ndiwanena monga mmene anachitikira.

Ndimaphunzitsa kemisitiri pa sekondale ina ku Insaca. Ndinkafuna kuti kachipinda kosungiramo makasu kakhale labotale, koma chilolezo chinali m'manja mwa Mayi Asiyatu, wapampando wa komiti ya makolo, amene amagulitsa nsomba za ku Amaramba.

Ndinali nditawerenga kuti akatswiri amaona mamolekula, tinthu tosaoneka ndi maso, akuunjikana kwa kanthawi pogwiritsa ntchito utoto wowala. Ndinayesa ndi chikasu chothira mu ndiwo, sopo ndi tochi yabuluu yogula ku Entre Lagos. Mamolekula a sopo akaunjikana, chikasu chimalowa pakati pawo n'kuwala. Ukathira madzi ambiri amabalalika, kuwala n'kuzilala.

Ndinapita kumsika mokondwa.

"Mayi, mawa mubwere mudzaone mamolekula akusonkhana m'kachipinda kaja."

Anasiya kuingitsa ntchentche. "Amasonkhana pasukulu? Amawaitana ndani?"

"Palibe. Amasonkhana okha, koma amaoneka bwino mumdima."

"Alipo angati?"

"Osawerengeka, mayi."

"Ndiye inu mumangowayang'ana, Purofesolo?"

"Ndikafuna kuti abalalike, ndimawathira madzi."

"Madzi basi?" Anapukusa mutu. "Ndibwera."

Ndinachoka ndikunyadira chidwi chawo pa sayansi. Sindinaganizeko kuti kwathu kuno mamoleke ndi tianyamata tosamva, takuba nkhuku.

Kutacha anafika ndi azibambo a komiti yonse, aliyense ndi chibonga. Wina anali ndi chingwe.

"Ali kuti mamolekewo?"

Pamenepo ndinamvetsa. Ndinaloza kopo ya madzi pa tebulo ngati mwana woloza mbale imene waswa.

"Ali umu."

Bambo wa chingwe uja anasuzumira m'kopomo, kenako anandiyang'ana mwachifundo.

Ndinatseka zenera, ndinathira chikasu ndi sopo, n'kuyatsa tochi. Madziwo anawala mobiriwira. Zibonga zinatsika. Nditathira madzi ena, kuwala kunazilala.

"Apita?" anafunsa Mayi Asiyatu.

"Abalalika."

"Aitaneninso."

Ndinawonjezera sopo ndi chikasu, anabweranso. Mayiwo anayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira anzawo.

"Apatseni kachipindako, ana aziona zimenezi. Koma mugule loko, Purofesolo. Ochuluka chonchi sitingawasiye aziyendayenda."

Labotale ilipo tsopano, ndipo msika wonse umanditcha bambo wa mamoleke. Ndinaphunzira kuti mawu a sayansi uziyamba wawaonetsa m'kopo usanapite nawo kumsika.