Fisi Amene Analowa mu Notsi Zanga

Ana a Fomu 2 anandionapo ndikuthawa laputopu, ine bambo wandevu wa ana atatu. Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Mpamba, pamakhala wina wondilirira ngati fisi.

Nditangosamutsidwa kuchokera ku Dowa, ahedi anandipatsa nyumba ya pasukulu imene a Mphande, mphunzitsi wakale wa konkuno, anaidikira zaka zambiri. Tsiku lolowa, a Mphandewo anangondiuza kuti, "Ada, khalanimoni. Tiona." Ka "tiona" kameneko kanandisowetsa mtendere, poti kwathu anali atandichenjeza kale kuti pa za ufiti, kunyanja kuno sasewera nako.

Ndiye kunabwera zolemba notsi pa intaneti zija, zoti chikalata chimodzi anthu ambiri n'kumachitsegula nthawi imodzi. Pofuna kuoneka wozitsata (chonsecho tsiku lotiphunzitsa ndinkaodzera), ndinalemba notsi za chinangwa, linki n'kuiponya pagulupu ya aphunzitsi kuti adziwe kuti kwabwera munthu.

Lachiwiri m'mawa ndinayatsa pulojekita, notsi zanga n'kuwala pakhoma. Ndili mkati mophunzitsa, pakona yam'mwamba panatulukira kankhope. Anthuni, fisi! Makutu ali njo. Kenako kamzere kofiira kanayamba kuyenda kokha n'kumafufuta mawu anga, chilembo chimodzichimodzi, manja anga ali m'thumba.

"Sala, ikulemba yokha!" anakuwa mtsikana wina kutsogolo.

Ndinatseka laputopu, n'kuitsegulanso mwakachetechete. Fisi anali pompo, akulembabe. Ndinayamba pemphero koma ndinangokumbukira pomwe pamati "mutipulumutse kwa woipayo". Ndinachita mantha, sindinama, moti ndinatuluka liwiro, ana a eni ndawasiya ndi chilombo.

"Bwana, makiyi anu awa," ndinatero ndikuwaponya patebulo la ahedi. "Nyumba ndaisiya. A Mphande anditumizira fisi."

Ahedi anavula magalasi. "Aphunzitsi, mukudziwa kuti kutchula munthu mfiti ndi mlandu? Tiyeni mukabwereze pamaso pawo."

Apa mantha anakhala awiri: fisi kumbuyo, apolisi kutsogolo.

Mu sitafu rumu tinawapeza a Mphande atawerama pafoni, akudinadina ndi chala chimodzi. Ataona ine anamwetulira.

"Ada, ndimakukonzerani notsi. Mwalemba kuti chinangwa chowawa achiviike tsiku limodzi lokha. Mukufuna mutiphere ana? Kondowole simuidziwa inu."

Ahedi, akudziletsa kuseka, anandifotokozera kuti linki ija ndinaisiya yoti aliyense asinthe zimene wafuna, ndipo munthu akalowa osaika dzina, makinawo amangomupatsa nkhope ya nyama iliyonse. Anatsegula pafoni yawo kuti ndione. Iwo anatulukira ngati chule.

Ndinapepesa chogwada (inde, ndi buluku langa laku tchalitchi lomwe). A Mphande anandidzutsa, nati nkhani yatha, kupolisi sapita. Kenako anatembenukira kwa ahedi.

"Paja mwati makiyi awasiya patebulo?"

Pano ndimakhala ya lendi kuseri kwa msika, m'mawa uliwonse pa kabaza. Notsi ndinabwerera ku choko, chifukwa pabolodi palibe chimalemba chokha. Anzanga amati ndidziwe kuti ufiti panalibe, ndipo ndimavomera. Koma inu tandiuzani: munthu uja anati tiona, ndipo nyumba ija akugonamo ndani?