Ine Sindinapepese, Ndi Rola

Lolemba

Katumba wa mwendo wakumanja wauma gwa. Ndikatsika sitepe ya kalasi ndikuchita kugwira khoma. Loweruka aphunzitsi tikumenya mpira wamanja ndi anamwino, ndipo womwetsa zigoli ndine. Ine! Osati aNambewe a Sitandade 3, amene tinagundana nawo nyumba.

ANambewe ndi amene ananena mu sitafu rumu kuti "ena miyendo inatha, azingotiimbira m'manja." Ine ndinangoyankha kuti iwo amaponya mpira ngati akumwaza usipa pathandala. Basi, sitilankhulana. Ahedi akuti mawu anga ndiwo anali olemera, ndipepese. Ndipepese chiyani? Anayamba ndani?

Pafoni ndaona mzungu akudzipsinja mwendo pa chinthu chathovu chooneka ngati chipika. Akuti rola. Ndakwera minibasi mpaka ku Salima, ndachipeza pakaunjika. Zilipo ziwiri: chosalala, ndi china cha tiziphuphu ngati chitsononkho. Wogulitsa akuti chosalalacho n'cha agogo, chinacho n'cha akatswiri. Ndatenga cha akatswiri, nanga ndine ndani?

Pulani:
– m'mawa ndi madzulo, parola
– Lachinayi kuthamanga pamchenga
– Loweruka zigoli, aNambewe akuonerera

Lachiwiri

Mayo ine! Mzungu uja ankamwetulira chifukwa chiyani? Wabodza!

Ndayala mkeka, ndaika katumba pachitsononkho, ndanyamula thako ngati mmene ankachitira. Ululu wake wafika mpaka m'mano. Ndakuwa. Ndayesanso, ndakuwanso. Nyumba za aphunzitsi zino n'zopanikiza, moti pogubuduka ndagunda ndowa, madzi ponseponse, makope a ana anyowa.

Kuseri kwa khoma aNambewe atsitsa wailesi. Atsitsa! Munthu waulemu akanakweza.

Lachitatu

Mwendo wachita mabala akuda, mizeremizere, ngati ndagonera lichero.

Lero ndiye ndaonera kanema uja mpaka kumapeto. Kumapetoko ndi kumene akunena kuti woyamba kumene agule chosalala, azipita pang'onopang'ono, asakanikize kuseri kwa bondo, ndipo pakapweteka kwambiri asiye. Bwanji osanena zimenezi poyamba? Bandulo ya munthu imafika kumapeto nthawi zonse? Ndipo wakaunjika uja ndidzamuona. Akatswiri!

Ndakulunga rola m'chitenje kuti tiziphuphu tichepe mphamvu. Chitenje chakulungana ndi mwendo. Ndabuula mpaka mawu asasa.

Kumjigo amayi andipatsa moni wachisoni, wogwira ndi manja awiri. Mmodzi akuti, "Limbani mtima, madamu, zimachitika." Zimachitika chiyani?

Lachinayi

Ndadziwa tsopano. ANambewe akuuza anthu kuti madzulo aliwonse ndikumalira ndekha m'nyumba, chikumbumtima chikundidya. Chikumbumtima! Ndi katumba, anthuni!

Ahedi andiitanira mu ofesi. Andipatsa mpando, mawu ofewa ngati a kuchipatala. Akuti amva zonse, ndipo kupepesa sikunaphepo munthu. Ndawafotokozera za rola. Agwedeza mutu, akuti aliyense ali ndi njira yake yonenera zakukhosi. Kenako akuti yemwe adzathamange bwino Loweruka m'mawa ndiye adzamwetse zigoli.

Kuthamanga pamchenga kwalephereka. Ndafika pomwe amaotchera chinangwa, ndabwerera pakabaza.

Zomwe zikupweteka lero:
– katumba
– ntchafu, yomwe inali bwinobwino Lolemba
– zigongono
– mtima, koma ndi ukali, osati zimene akunenazo

Lachisanu



M'nyumba mukutentha ngati mu uvuni, malata akuchita kulira. Ndati ndikachitire pakhonde, kuti aliyense aone ndi maso ake kuti chondiliza ndi chiyani. Pabwalo, kumunsi kwa masitepe, aNambewe akhala pamkeka akusankha mpunga. Pali ahedi ndi amayi awiri a komiti ya sukulu. Bwino kwambiri, mboni zilipo.

Ndaika mwendo. Ndanyamuka. Simenti ya pakhonde ndinaikolopa kumene. Rola yathawa pansi panga, yalowa m'maluwa osaonedwa ndi munthu, ine ndatsika masitepe onse ndi nthiti, ndagubuduzika pamchenga, gubudu gubudu, mpaka mutu pamapazi a aNambewe.

Ndipo pakamwa panga patuluka mawu akuti, "Ndalakwa ine! Ndalakwa!"

Ndimati ndalakwa kugula chinthu chimenechi! Sanandidikire kuti ndimalize. Amayi a komiti nthungululu. Ahedi akupukuta maso, akuti kupepesa kodzigubuduza pansi chonchi anakuona komaliza ali mtsikana kwawo, ana a masiku ano sakudziwa. ANambewe ataya lichero, andikumbatira, misozi chuchuchu.

"Dzukani asisi, zatha. Inenso ndinalankhula udyo."

Kudzuka sindikutha. Iwo akuyesa ndikukana kudzuka mpaka andikhululukire kawiri. Andikhululukira kawiri.

Loweruka

Mwendo watupa, sukulowa mu nsapato. Za kuthamanga palibe wafunsa n'komwe.

ANambewe abwera m'mawa kudzapempha yunifolomu yanga. Akuti asewera m'malo mwanga, "m'dzina la asisi." Ine andikhazika pabenchi pansi pa mtengo wa mango, ndi chigubu cha madzi ndi malalanje.

Chondinyansa kwambiri n'choti akumwetsa. Kaponyedwe kake n'komweko ka usipa, koma mpira ukulowa. Akamwetsa akundiloza, anthu onse n'kutembenuka kundiombera m'manja. Namwino wina wabwera kudzandigwira dzanja, akuti nkhani yanga yafika kuchipatala, yawaphunzitsa zambiri. Ndamuonetsa mwendo. Akuti ndiupumitse, ndipo zinthu za pafoni ndizifunsa kaye.

Tapambana. Ndaimba m'manja. Nditani nanga, aliyense akundiyang'ana.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndamva kuti mlaliki wanditchula, osati dzina, koma "mphunzitsi wina wodzichepetsa." Sukulu kuno ndi imodzi yomweyi.

Rola ndaipeza m'maluwa, mbuzi zaidya mbali imodzi. Ikhale momwemo.

Masana aNambewe alowa osaodira, ati pachibale saodira. Anyamula beseni la madzi otentha ndi kansalu. Andikhazika pamkeka, aika mwendo wanga pamiyendo pawo, ayamba kuthowa. Ndakonzeka. Mawu ndawasanja bwinobwino: kuti ine sindinapepese, kuti ndinaterereka, kuti za usipa zija ndikubwerezanso lero.

Chala chawo chachikulu chapeza pamene pamauma paja. Chakanikiza, chazungulira. Sabata yonse ino katumba ameneyu sanamasukepo chonchi.

Andifunsa kuti, "Mumati munene chiyani, asisi?"

Ndati, "Pamwambapo pang'ono."